Mmene mungakonzekerere intaviyu ya ntchito ya ulangizi wa makampani muli mu Lusaka

Chaka chilichonse achinyamata amene amaliza maphunziro a zachuma, a uinjiniya kapena a akaunti pa UNZA, pa Copperbelt University, pa ZCAS ndi m'masukulu ena amatumiza makalata ofunsira ntchito ku makampani a ulangizi, ntchito yolangiza makampani ndi mabungwe ena pa mavuto a bizinesi yawo, imene m'maofesi amangoitchula kuti consulting. Ambiri mwa iwo ndi anzeru ndipo masatifiketi awo ndi abwino, koma amagwa pa intaviyu chifukwa amakonzekera ngati akukalemba mayeso a kusukulu, kumene amapambana ndi amene wakumbukira yankho lolondola. Pa intaviyu ya ulangizi wofunsa amakupatsani vuto la bizinesi limene simunalionepo, amasunga zina mwa zimene muyenera kudziwa mpaka mutazifunsa, kenaka amamvetsera mmene mukuganizira. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti kodi angakutengeni kupita nanu kwa kasitomala mwezi wamawa, n'kukusiyani m'chipinda ndi mkulu wa zachuma wa kampaniyo popanda kuda nkhawa. Malangizo onse amene ali pano achokera pa mfundo imeneyo, ndipo munthu amene masana amakhala kuntchito kapena m'kalasi ayenera kudzipatsa masabata 6 mpaka 8 kuti awatsatire bwinobwino.

Gawo loyamba: dziwani kampani imene mukufunsirako

Makampani a ulangizi sali a mtundu umodzi, ndipo kafunsidwe kawo kamasiyana. Atatu amene amatchuka kwambiri padziko lonse ndi McKinsey & Company, Boston Consulting Group, imene ambiri amangoitcha BCG, ndi Bain & Company. Munthu wa ku Zambia kawirikawiri amafunsira ku maofesi a McKinsey ndi BCG a ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Muno mu Lusaka muli Deloitte, PwC, KPMG ndi EY, komanso Grant Thornton ndi BDO, amene kuwonjezera pa kuunika mabuku a ndalama ndi nkhani za msonkho ali ndi nthambi za ulangizi. Palinso makampani ngati Dalberg, amene ntchito yawo yambiri ndi ya chitukuko, yogwira limodzi ndi maboma ndi mabungwe othandiza.

Kusiyana kumeneku ndiko kudzakuuzeni mmene mugawire nthawi yanu. McKinsey imayamba ndi mayeso a pakompyuta ooneka ngati masewera, otchedwa Solve, pamene BCG m'maofesi ake ambiri ili ndi mayeso a pa intaneti amene mumayankha mafunso a bizinesi kwa pulogalamu yotchedwa Casey. Mukadutsa pamenepo mumakumana ndi anthu, kaya maso ndi maso kaya pavidiyo, nthawi zambiri maulendo awiri, ndipo ulendo womaliza mumafunsidwa ndi akuluakulu a kampaniyo. Intaviyu imodzi imatenga pafupifupi mphindi 45 mpaka ola, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyo imathera pa vuto la bizinesi lija, limene onse amalitcha case. Ku McKinsey wofunsa ndiye amatsogolera, akumakupatsani funso limodzi pambuyo pa linzake, koma ku BCG ndi ku Bain kawirikawiri amadikira kuti inuyo munene zimene mukufuna kuona choyamba ndi chifukwa chake. Makampani a muno angakupatseni mayeso a masamu ndi a kumvetsa nkhani, angakuikeni m'gulu ndi ofunsira anzanu kuti mukambirane vuto limodzi, kapena angakupatseni mapepala kuti muwerenge n'kufotokozera gulu la ofunsa zimene mwapeza.

Musachite manyazi kufunsa a ku ofesi yolemba anthu ntchito kuti mayesowo adzayenda bwanji, chifukwa funso limenelo amaliyankha tsiku ndi tsiku. Fufuzaninso pa LinkedIn munthu amene anakutsogolani kusukulu ndipo tsopano ali pa kampaniyo. Mumupemphe mphindi zochepa, ndipo mupite ndi mafunso enieni, monga mtundu wa makasitomala amene ofesiyo yagwira nawo ntchito posachedwa ndi zimene munthu watsopano amachita m'chaka chake choyamba. Kumupempha kuti akulowetseni ntchito kumatseka khomo limene likanakhala lotsegula.

Gawo lachiwiri: konzani CV isanapite

CV ikhale ya tsamba limodzi, ndipo mzere uliwonse uonetse chimene chinasintha chifukwa cha inu. Ngati patchuthi munkathandiza pa shopu ya amalume anu ku Kamwala, musaibise ntchitoyo poganiza kuti ndi yonyozeka. Lembani kuti munayambitsa kaundula wa katundu, ndipo nenani kuti katundu wosowa anatsika ndi ndalama zingati pamwezi. Zonse zimene mwalemba adzakufunsani, choncho nambala iliyonse ikhale yoona ndiponso yoti mungaifotokoze mmene munaipezera.

Gawo lachitatu: bwezeretsani masamu m'mutu

Pa case nthawi zambiri kalikuleta siloledwa. Muli ndi pepala, cholembera ndi munthu amene akukuyang'anani. Masamu ake si ovuta, ndi kuchulukitsa, kugawa ndi maperesenti basi, koma anthu amalakwitsa pa mazilo, n'kunena 20 miliyoni pamene yankho ndi 200 miliyoni, ndipo kulakwitsa kotereku kumaononga zonse zimene zikubwera pambuyo. Patulani mphindi 15 tsiku lililonse kuyambira sabata loyamba. Lowezani kuti gawo limodzi mwa magawo 8 ndi 12.5 peresenti, mwa magawo 7 ndi pafupifupi 14 peresenti, ndipo mwa magawo 6 ndi pafupifupi 17 peresenti. Dziwani kuti mukagawa 72 ndi peresenti imene chinthu chikukulira pachaka mumapeza zaka zimene chidzatenge kuti chiwirikize kawiri, kotero kuti msika umene ukukula ndi 12 peresenti udzawirikiza m'zaka pafupifupi 6. Zolowerani kuwerengera katundu amene kampani iyenera kugulitsa kuti isaluze, ndi miyezi imene makina atsopano angatenge kuti abweze ndalama zogulira.

Mzinda wathu uli ndi zoyesererapo zokwanira. Mukakwera minibasi kuchokera ku Chelstone kupita m'tauni, werengani mipando, chulukitsani ndi mtengo wokwerera ndi maulendo amene mukuganiza kuti basiyo imayenda patsiku, chotsani mafuta, ndalama ya cashing yopita kwa mwini basi ndi malipiro a kondakitala, muone zimene zimatsala m'thumba la dalaivala. Mukachita zimenezi kwa mwezi wathunthu mudzaona kuti manambala sakukuopsaninso.

Gawo lachinayi: phunzirani kayendedwe ka case

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo njira yabwino yophunzirira ndi kutsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala amene ndagwiritsa ntchito ndi ongoyerekeza, opangidwira kuphunzirira basi.

Tinene kuti wofunsa wakuuzani kuti kasitomala ndi kampani yogaya unga muno mu Lusaka, imene imagulitsa matumba a makilogalamu 25, ndipo ngakhale ndalama zolowa zakwera poyerekeza ndi chaka chatha, phindu lagwa kwambiri. Mkulu wa kampaniyo akufuna kudziwa chifukwa chake ndi chimene angachite.

Musathamangire kuyankha. Lembani zimene mwamva, kenaka bwerezani vutolo m'mawu anuanu kuti wofunsa atsimikize kuti mwamva zimene ananena. Mukatero funsani mafunso awiri kapena atatu amene yankho lake lingasinthe kaganizidwe kanu: kodi kampaniyo imagulitsa unga wa breakfast wokha kapena ndi wa roller womwe, kodi makampani ena ogaya nawonso phindu lawo lagwa, ndipo kodi mkuluyo akufuna kubwezeretsa phindu pofika liti. Funso lachiwirilo ndi lofunika kwambiri, pakuti ngati onse akuvutika ndiye kuti vuto lili pamsika, koma ngati ndi kampani iyi yokha ndiye kuti vuto lili m'nyumba.

Tsopano pemphani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mukonze maganizo, ndipo jambulani papepala mmene mugawire vutolo. Phindu ndi ndalama zolowa kuchotsa ndalama zotuluka. Zolowa zimachokera pa mtengo wa thumba ndi kuchuluka kwa matumba ogulitsidwa. Zotuluka zili pawiri, zimene zimakwera thumba lililonse likagayidwa, monga chimanga, magetsi, matumba opanda kanthu ndi thiransipoti, ndi zimene zimakhala chimodzimodzi kaya mwagaya kaya simunagaye, monga malipiro a antchito okhazikika, lendi ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Alangizi amafuna kuti nthambi zimene mwagawazo zisalowererane ndiponso kuti pasakhale mbali imene yasiyidwa, ndipo mfundo imeneyi mudzaipeza m'zolemba zawo ikutchedwa MECE. Mukamaliza tembenuzani pepalalo kuti wofunsa aone, mufotokoze nthambi iliyonse mwachidule, ndipo munene kumene mukuganiza kuti vuto lili. Mungati: "Popeza ndalama zolowa zakwera, ndikuganiza kuti vuto lili ku zotuluka, makamaka zimene zimatsatira thumba lililonse, choncho ndingakonde kuyambira kumeneko."

Ndimachenjeza kwambiri za kuloweza mindandanda ya m'mabuku n'kumaiika pa vuto lililonse. Wofunsa amene wamvapo mndandanda womwewo kwa anthu makumi angapo amauzindikira musanamalize chiganizo choyamba. Mgawo wabwino ndi umene munthu akauona angadziwe kuti ukukamba za kampani yogaya unga, osati za banki kapena za mgodi.

Wofunsa akupatsani tebulo. Chaka chatha kampaniyo inkagulitsa matumba 100,000 pamwezi pa K200 thumba limodzi, chimanga cha thumba limodzi chinkadya K130, zina zotsatira thumba zinali K30, ndipo zosasintha zinali K2,000,000 pamwezi. Chaka chino ikugulitsa matumba 90,000 pa K240, chimanga chafika pa K170, zina zija zafika pa K45, ndipo zosasintha zili pomwepo. Musanayambe kuwerengera, nenani njira imene mutsate, kuti ngati yapotoka wofunsa akubwezeni msanga. Chaka chatha thumba lililonse linkasiya K40, ndipo matumba 100,000 ankasiya K4,000,000, kuchotsa zosasintha n'kutsala phindu la K2,000,000. Chaka chino thumba likusiya K25, matumba 90,000 akusiya K2,250,000, ndipo phindu ndi K250,000 yokha. Kampaniyo yataya K1,750,000 pamwezi.

Ofunsira ambiri amaima pamenepa n'kudikira funso lina, koma apa m'pamene munthu amadzisiyanitsa ndi anzake. Yang'anani manambalawo kachiwiri. Chimanga chakwera ndi K40, ndipo mtengo wa thumba wakweranso ndi K40, kutanthauza kuti kukwera kwa chimanga kampaniyo yakukankhira kale kwa ogula. Chimene chadya phindu ndi K15 imene yawonjezeka pa zina zija, imene pa matumba 90,000 ikukwana K1,350,000, ndipo K400,000 yotsalayo yatayika chifukwa cha matumba 10,000 amene sakugulidwanso. Munthu aliyense wa mu Lusaka akanayamba kuloza chala chimanga, koma manambala akuloza kwina. Nenani zimenezi momveka, ndipo funsani chimene chakwera m'kati mwa K45 ija. Wofunsa angakuuzeni kuti ndi dizilo wa jenereta chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Mungawonjezere kuti pa K25 pathumba kampaniyo iyenera kugulitsa matumba 80,000 kuti ingobweza zosasintha, choncho ikataya matumba enanso 10,000 phindu lidzatheratu.

Mwina adzakufunsani ngati kuika makina a sola a K18,000,000, amene angachepetse K10 pathumba, kuli kwanzeru. K10 pa matumba 90,000 ndi K900,000 pamwezi, choncho ndalamazo zingabwerere m'miyezi 20. Musalekere pa nambalayo. Fotokozani kuti yankho lidalira chiwongoladzanja ngati ndalamazo n'zobwereka, mtengo wa dola popeza zipangizo za sola zimachokera kunja, ndiponso ngati kuzimazima kwa magetsi kudzapitirira kapena kudzachepa madzi akachuluka ku Kariba. Mukafunsidwa njira zina, zigaweni m'magulu m'malo mongozitchula mmene zikubwerera m'mutu: zochepetsa zotuluka, monga kugaya kwambiri pa maola amene magetsi a ZESCO alipo, ndi zowonjezera zolowa, monga kugulitsa gaga kwa opanga zakudya za ziweto pamtengo wabwino, kapena kupanga matumba aang'ono a mabanja amene sangakwanitse thumba la makilogalamu 25 nthawi imodzi.

Pomaliza wofunsa adzati mkulu wa kampani walowa ndipo ali ndi mphindi imodzi yokha. Yambani ndi yankho. Nenani kuti phindu lagwa makamaka chifukwa cha ndalama za mphamvu yogayira, kuti mukulangiza kusintha maola ogayira pompano ndi kuunika mozama nkhani ya sola imene ingabweze ndalama m'miyezi 20, kenaka tchulani chiopsezo chachikulu ndi chimene gulu liyenera kufufuza sabata lamawa. Musabwereze ulendo wonse umene mwayenda.

Gawo lachisanu: zolowerani kuyerekeza kukula kwa msika

Funso lina limene limabwera kawirikawiri ndi longa ili: kodi mu Lusaka mumagulidwa matumba angati a unga pamwezi? Palibe amene akuyembekezera kuti mukhale ndi nambala yeniyeni m'mutu. Yambani ndi chimene mukuchidziwa, kuti kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka, pamene dziko lonse linali ndi anthu opitirira 19.6 miliyoni. Mukayerekeza kuti banja lili ndi anthu 5 mupeza mabanja 440,000. Si onse amagula unga wa m'matumba, chifukwa ena amalandira chimanga kuchokera kumudzi n'kukagayitsa ku chigayo, choncho tinene kuti ogula ndi 80 peresenti, amene ndi mabanja pafupifupi 350,000. Ngati banja limamaliza matumba awiri pamwezi, ndiye kuti matumba ndi 700,000, ndipo mukawonjezera 10 peresenti ya malo odyera a m'misika ngati Soweto, masukulu ogonera komweko ndi zipatala, mufika pa 770,000. Kenaka dziyeseni nokha: matumba awiri kwa anthu 5 ndi makilogalamu 10 pa munthu pamwezi, pafupifupi magalamu 330 patsiku, ndipo kwa anthu amene amadya nsima kawiri patsiku nambalayo si yachilendo. Mukatchulanso kuti m'makomboni ambiri amagula unga pang'onopang'ono m'timapepala ta pamela, ndipo ungawo umachokera m'matumba omwewo kotero kuti suyenera kuwerengedwa kawiri, wofunsa adzaona kuti msikawo mumaudziwa ndi maso anu.

Kudziwa dziko lanu ndi mwayi umene ofunsira ochokera kwina alibe, koma kumafunika kukhale ndi manambala. Dziwani kuti mkuwa umabweretsa pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zimene dziko limapeza pogulitsa katundu kunja, n'chifukwa chake kwacha imagwedezeka mtengo wa mkuwa ukasintha. Dziwani kuti Zambia inalephera kulipira ngongole ya Eurobond, imene boma linatenga pa misika ya ndalama ya kunja, mu November 2020, kuti mu August 2022 bungwe la IMF linavomereza ngongole ya pafupifupi madola 1.3 biliyoni, ndiponso kuti pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, chilala chimene chinagwetsa zokolola za chimanga ndi kuchepetsa magetsi chifukwa magetsi athu ambiri amachokera ku madzi. Msonkho wa VAT ndi 16 peresenti. Werengani zikalata za Bank of Zambia zofotokoza chiwongoladzanja, malipoti a mwezi ndi mwezi a ZamStats a kukwera kwa mitengo, ndi lipoti la bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection (JCTR) la ndalama zimene banja la anthu 5 limafunikira pamwezi mu Lusaka. Sankhaninso makampani awiri kapena atatu amene ali pa Lusaka Securities Exchange, monga Zambeef, Zanaco kapena Zambia Sugar, muwerenge malipoti awo a pachaka mpaka mutatha kufotokoza m'mphindi ziwiri kumene phindu lawo limachokera.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: yesererani mokweza, ndi munthu

Kuwerenga ma case okhaokha kumanyenga, chifukwa yankho likakhala patsamba lotsatira chilichonse chimaoneka chophweka. Pezani mnzanu amene nayenso akukonzekera, muzikumana kawiri kapena katatu pasabata, wina akhale wofunsa wina woyankha, kenaka musinthane. Zitsanzo zaulere zilipo pa mawebusayiti a McKinsey, BCG ndi Bain, ndipo n'zokwanira kuyambirapo. Yesererani m'Chingerezi, popeza ndi chinenero chimene mudzagwiritse ntchito, ndipo ikani wotchi patebulo. Mukamaliza case iliyonse mnzanuyo akuuzeni mosabisa pamene munasochera, inu mulembe m'kope limodzi, ndipo sabata lililonse muwerenge kopelo kuti muone cholakwa chimene chikubwerezedwa. Case imodzi imene mwaiunika bwino imaphunzitsa kuposa zisanu zimene mwangothamanga nazo. Nthawi zina jambulani mawu anu pafoni n'kudzimvetsera. Chakumapeto pezani munthu amene simunazolowerane naye, makamaka wamkulu kwa inu, kuti akufunseni.

Ndanena za munthu wamkulu pa chifukwa. Ambiri a ife tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula timvetsere, tisamutsutse pamaso, ndipo pofotokoza nkhani tiyambire kutali, tilongosole mmene zinayambira, mfundo ibwere kumapeto. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo makasitomala a muno adzauyamikira, koma pa intaviyu ukapanda kuwongoleredwa umaoneka ngati kusowa maganizo. Wofunsa nthawi zina amatsutsa dala yankho lolondola kuti aone ngati mungaime pa manambala anu. Ngati mwaonanso n'kupeza kuti munalondola, nenani mofatsa kuti mwamva nkhawa yawo, koma manambala akuonetsa zakutizakuti, ndipo muwasonyeze papepala. Ngati mwapeza kuti munalakwitsa, vomerani m'chiganizo chimodzi, konzani, n'kupitiriza popanda kupepesa mobwerezabwereza. Chizolowezi choyamba ndi yankho, zifukwa pambuyo, sichibwera chokha, choncho chiyeseni ngakhale kuntchito pamene abwana akufunsani kuti lipoti lafika pati.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: konzani nkhani za moyo wanu

Mbali imeneyi anthu amainyalanyaza chifukwa amaganiza kuti moyo wawo amaudziwa kale, koma imalemera mofanana ndi case. Ku McKinsey amaitcha Personal Experience Interview, ndipo wofunsa amatenga nkhani imodzi n'kuikumba kwa mphindi 10 kapena kuposerapo, akumafunsa kuti munanena chiyani kwenikweni, munthu winayo anayankha bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani munasankha njira imeneyo. Konzani nkhani 5 kapena 6 zoona: pamene munatsogolera gulu, pamene munasintha maganizo a munthu amene ankatsutsana nanu, pamene munakwaniritsa chinthu chovuta ngakhale panali zopinga, ndi pamene zinthu zinakanika n'kuphunzirapo kanthu. Nkhanizo siziyenera kuchokera mu ofesi yokha. Kuyendetsa chilimba cha anthu 12 pamene mmodzi wasiya kupereka, kukonza msonkhano wa achinyamata kutchalitchi, kapena kutsogolera gulu la polojekiti ya chaka chomaliza limene linatsala pang'ono kupasuka, zonsezi zili ndi zimene wofunsa akufuna.

Pofotokoza, chidule cha mmene zinthu zinalili chisapitirire ziganizo zitatu, ndipo nthawi yambiri ithere pa zimene inuyo munachita. Ife timakonda kunena kuti "tinachita" pofuna kupewa kudzitama, koma wofunsa akulemba ntchito munthu mmodzi, choncho pamene chinthu munachita ndinu nenani kuti "ndinachita", ndipo pamene anachita ndi anzanu apatseni ulemu wawo. Konzekeraninso mafunso awiri amene sasowa, lakuti n'chifukwa chiyani mukufuna ntchito ya ulangizi, ndi lakuti n'chifukwa chiyani mwasankha kampani imeneyi. Yankho limene lingagwire pa kampani ina iliyonse silinakwane, ndipo apa m'pamene zimene munamva kwa amene anakutsogolani kusukulu uja zimakuthandizani.

Gawo lomaliza: tsiku lenileni ndi masiku otsatira

Masiku awiri omaliza musaphunzire zatsopano. Werengani kope lanu la zolakwa, chitani masamu pang'ono, ndipo gonani mokwanira. Ngati intaviyu ili pavidiyo, monga zimakhalira kawirikawiri ndi maofesi a ku Johannesburg ndi ku Nairobi, musadalire magetsi a kunyumba: tchajani laputopu ndi foni usiku, gulani bandulo pa manetiweki awiri osiyana, ndipo pezani chipinda chabata kumene kuli sola kapena jenereta. Tsimikizani ola, pokumbukira kuti Johannesburg ili pa nthawi yofanana ndi yathu koma Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi. Pavidiyo wofunsa sangaone pepala lanu, choncho fotokozani mgawo wanu pakamwa momveka, mukutchula kuti nthambi zilipo zingati musanayambe kuzilongosola. Ngati intaviyu ili maso ndi maso, nyamukani msanga chifukwa Great East Road ndi misewu yolowa m'tauni imadzaza m'mamawa, ndipo tengani mapepala oyera, zolembera ziwiri, NRC ndi makope a masatifiketi.

Kumapeto adzakupatsani mpata wofunsa. Funsani za ntchito ya wofunsayo, monga polojekiti imene inamuphunzitsa zambiri kapena mmene ofesiyo imagwirira ntchito ndi makasitomala a ku Zambia, ndipo nkhani ya malipiro isiyeni mpaka atakupatsani ntchito. Mukatuluka lembani nthawi yomweyo mafunso onse amene munafunsidwa ndi pamene munavutika, chifukwa ulendo wachiwiri ungabwere pasanathe sabata ndipo ofunsa amauzana zimene anaona. Tumizani imelo yaifupi yothokoza tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ngati yankho labwera lakuti simunapambane, pemphani mwaulemu kuti akuuzeni mbali imene munafooka, ndipo funsani kuti mungafunsirenso pakapita nthawi yaitali bwanji, popeza makampani ambiri a mtundu umenewu ali ndi nthawi yodikira imene anaikhazikitsa munthu asanaloledwe kuyesanso.